Kakompyuta Kokwana M'thumba Koyesera Chitetezo cha Netiweki: Mafunso ndi Mayankho Kuchokera ku Metangula

Mu February 2022, mawebusayiti oposa 30 a boma la Mozambique anagwidwa tsiku limodzi ndi gulu limene linkanena kuti ndi la ku Yemen. Patatha zaka ziwiri, mu February 2024, Pulezidenti wa Malawi wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe kuti akathyali alowa m'makina osindikizira ziphaso zoyendera ndipo akufuna dipo. Amalawi anakhala milungu ingapo osalandira mapasipoti.

Nkhani zoterezi zimamveka ngati za m'malikulu okha. Komatu Metangula, likulu la boma la Lago ku Mozambique, nayo yalowa m'gulu. Msodzi wa usipa amalandira ndalama zake pa M-Pesa kapena e-Mola. Maofesi a boma, chipatala, sukulu ndi nyumba zogona alendo zikudalira intaneti kuposa kale, ndipo kuyambira 2023 Starlink ikugulitsidwa m'dziko muno. Akatswiri ambiri a chitetezo cha makompyuta ali ku Maputo, mtunda woposa makilomita 2,000 pamsewu. Ndiye netiweki ya kuno kunyanja aziyang'ana ndani? Yankho lina lili m'kabokosi kamene munthu wodziwa pang'ono za makompyuta angakonze yekha patebulo.

Kodi kakompyuta kameneka n'kotani kwenikweni?

Ndi kompyuta yathunthu imene ziwalo zake zonse zili pa kathabwa kamodzi ka zamagetsi. Kotchuka kwambiri ndi Raspberry Pi. Kanayamba kugulitsidwa mu February 2012 pa mtengo wa madola 35, ndipo amene anakapanga ndi bungwe la Raspberry Pi Foundation la ku Cambridge, ku Britain, limene mmodzi mwa oliyambitsa ndi Eben Upton. Cholinga chawo chinali choti ana asukulu apeze kompyuta yotchipa yophunzirira, yoti akaiwononga makolo asalire. Kutalika kwake ndi mamilimita 85, mulifupi 56, ndiye kuti kamaphimbika ndi chikhatho. Tambiri mwa timakompyutati timapangidwa pa fakitale ya Sony ku Pencoed, ku Wales.

Kalibe sikirini, kalibe kiyibodi, kalibe batire. Mapulogalamu ake onse amakhala pa memori khadi yofanana ndi ya m'foni. Zina zonse mwini wake amadzilumikizira malinga ndi ntchito imene akufuna.

Nanga kuyesa chitetezo cha netiweki n'kutani?

Msodzi wanzeru asanapite pa nyanja amatambasula chilimila pamchenga n'kumayenda nacho diso ndi diso, chifukwa akudziwa kuti bowo limene salipeza masana, usipa ulipeza usiku. Woyesa netiweki amachita zomwezo. Mwini netiweki amamupempha kuti afufuze malo onse amene mbava ingalowere, kenako alembe zimene wapeza kuti zikonzedwe. Amaona kuti ndi zipangizo zingati zimene zalumikizidwa, ndi ziti zimene zili ndi makomo otseguka, ndi ziti zimene zikugwiritsabe ntchito mawu achinsinsi amene zinabwera nawo ku fakitale.

Mfundo yomalizayi si yochepa. Mu 2016 pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai inagwira makamera ndi marauta mazanamazana a zikwi pongoyesa mayina ndi mawu achinsinsi a ku fakitale pafupifupi 60. Pa 21 October chaka chomwecho zipangizo zogwidwazo zinagwetsa kampani ya Dyn ku America, ndipo Twitter ndi Netflix zinasokonezeka. Kumapeto kwa chakacho mtundu wina wa Mirai unagwiritsidwa ntchito polimbana ndi kampani ya mafoni ya Lonestar ku Liberia, mpaka intaneti inavuta m'madera ambiri a dzikolo. Eni ake a makamerawo sanadziwe n'komwe kuti zipangizo zawo zikumenya nawo nkhondo.

Bwanji osangogwiritsa ntchito laputopu?

Amene ali ndi laputopu yakale yogona m'kabati ayambire pomwepo, asathamangire kugula china. Mapulogalamu ake ndi omwewo ndipo amatha kuyenda kuchokera pa fulashi. Ubwino wa Raspberry Pi uli pawiri. Imadya magetsi ochepa kwambiri, ndipo imatha kusiyidwa pa ofesi masiku angapo ikulemba zimene zikuchitika pa netiweki, pamene mwini wake wabwerera kwawo. Ndiponso ikanyowa m'boti popita ku Cobué, zimene zatayika n'zochepa poyerekeza ndi laputopu ya ntchito.

Pafunika kugula chiyani, ndipo mtundu uti?

Pa mitundu imene ilipo, Raspberry Pi 4 ya memori ya 4 GB ndi imene ikuyenera ntchitoyi kumalo ngati Metangula. Inatuluka mu June 2019 pa mtengo wa madola 55. Raspberry Pi 5, ya mu October 2023, ndi yothamanga koposa, koma imafuna chaja ya mavoti 5 ndi maampu 5 kuti igwire ntchito mokwanira, ndipo mapawabanki ambiri a pamsika sapereka mphamvu yotere. Kena kakang'ono kwambiri, Zero 2 W, kanatuluka mu 2021 pa madola 15, koma memori yake ndi 512 MB yokha. Kamakwanira kumvetsera Wi-Fi, osati kunyamula ntchito yonse.

Kupatula kathabwako, pafunika memori khadi ya 32 GB kapena kuposa, kabokosi kokhala ndi fani kapena kachitsulo kozizira, pawabanki, chingwe chachifupi chokhuthala cha USB-C, chingwe cha netiweki, ndi adaputala ya Wi-Fi yolowetsa pa USB. Adaputalayi iyenera kukhala yotha kumvetsera mauthenga onse a Wi-Fi oyenda mumlengalenga, osati okhawo opita kwa iyo. Si adaputala iliyonse imatha zimenezi. Akatswiri ambiri amakonda za kampani ya Alfa, monga AWUS036NHA, imene ili ndi chipu cha Atheros AR9271 chogwirizana bwino ndi Linux, ngakhale imangomva Wi-Fi ya 2.4 GHz. Wofuna kumva ya 5 GHz afufuze mtundu wina, monga AWUS036ACH.

Zonse pamodzi zimapitirira madola 100, osawerengera zotumizira ndi msonkho. Wa ku Metangula ayembekezere kuyitanitsa kutali, katundu n'kutsikira ku Lichinga, kenako kukwera chapa makilomita pafupifupi 100 kutsetsereka kudzera ku Maniamba. Memori khadi ndiyo yosafunika kuumira nayo. Makhadi achinyengo, olembedwa 64 GB pamene m'kati muli malo ochepa, ndi ofala m'misika yambiri, ndipo khadi yotere imalandira pulogalamu bwinobwino n'kudzafa pakati pa ntchito.

Magetsi akathima kapena dzuwa likakula, kamapirira?

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni ya womanga kabokosika, ndipo malangizo ambiri olembedwa ku Ulaya amangodutsapo.

Tiyambe ndi masamu a batire. Pawabanki yolembedwa 20,000 mAh imasunga mphamvu pafupifupi 74 Wh, chifukwa mabatire a m'kati mwake ndi a mavoti 3.7. Ina imatayika posandutsa mavoti amenewa kukhala 5, moti yotsala imakhala pakati pa 55 ndi 60 Wh. Raspberry Pi 4 imadya pafupifupi mawati 3 ikangokhala, ndipo imafika pa 6 kapena 7 ikapanikizika. Kuwonjezapo adaputala ya Wi-Fi, munthu angayembekezere maola 8 mpaka 10. Ndi tsiku lathunthu la ntchito, bola pawabankiyo ikhale yeniyeni ndipo ithe kupereka maampu 3.

Mphamvu ikatsika pansi pa mavoti 4.63, kakompyutaka kamachenjeza n'kudzichepetsera liwiro. Nthawi zambiri wolakwa sakhala batire koma chingwe chowonda, chachitali, chogulira limodzi ndi chaja yotchipa. Anthu amataya masiku akusinthasintha mapulogalamu pamene vuto lili pa chingwe cha mametikali ochepa.

Kuthima kwa magetsi mwadzidzidzi kumapha memori khadi. Khadi ikakhala pakati polemba, magetsi n'kuduka, mafayilo amasokonekera ndipo kakompyutaka kamakana kudzuka. N'chifukwa chake ndi bwino kuti kazidya kuchokera ku pawabanki ngakhale pamene magetsi a kampani ya EDM alipo, komanso kuti kazizimitsidwa ndi lamulo lake lozimitsira, osati kungosolola chingwe. Khadi yachiwiri yokopereratu zonse ikhale m'kachikwama.

Kutentha nako. Chipu chikafika madigiri 80 chimayamba kudzichedwetsa chokha kuti chisapse. Ku Lichinga, pamtunda pozizira, kachitsulo kozizira kangakwanire. Kunyanja mu October ndi November, m'chipinda cha malata masana, fani ndi yofunika, ndipo kabokosika sikayenera kugwira ntchito kali kotsekeredwa m'chikwama. Nyengo ya mwera vuto limasintha n'kukhala madzi owaza m'boti ndi mchenga wolowa m'mabowo a USB. Kontena ya pulasitiki yotseka bwino, ngati yonyamulira chakudya, imathetsa zimenezi paulendo.

Pali kanthu kenanso kamene ambiri amakazindikira mochedwa. Raspberry Pi 4 ilibe wotchi yake yosunga nthawi ikazima, imafunsa nthawi pa intaneti. Ikadzuka pamalo opanda intaneti, zolemba zake zonse zimakhala ndi deti lolakwika, ndipo lipoti la deti lolakwika ndi lovuta kuliteteza pamaso pa bwana wa ofesi. Kachipangizo ka wotchi kokhala ndi batire yaying'ono, monga DS3231, kamakonza zimenezi. Raspberry Pi 5 inabwera ndi wotchi yake, imangofuna batire.

Mapulogalamu amaikamo bwanji?

Ambiri amaika Kali Linux, imene kampani ya Offensive Security inatulutsa mu March 2013 kulowa m'malo mwa BackTrack. Ndi yaulere, yomangidwa pa Debian, ndipo ili ndi mtundu wake wa Raspberry Pi. Munthu amaikopa pa webusayiti ya Kali yeniyeniyo, n'kuilemba pa khadi ndi pulogalamu ya Raspberry Pi Imager. Fayiloyi ndi ya magigabayiti angapo, ndipo kuikonzanso koyamba kumadyanso ena, choncho wa bandulo ya pafoni achite izi kamodzi pamalo a intaneti yabwino n'kusunga kope.

Kali imabwera ndi dzina lolowera kali, mawu achinsinsi kali. Dziko lonse limadziwa zimenezi. Kusintha mawuwa ndi ntchito yoyamba, chingwe cha netiweki chisanalowe, chifukwa n'zamanyazi ndiponso zoopsa kuti chida chofufuzira mabowo chikhale chokha bowo. Sikirini si yofunika kugula. Foni imatha kulamula kakompyutaka kudzera pa SSH, kabokosi kali patebulo, zolemba zikuoneka pafoni.

Woyesayo akafika pamalo, amachita chiyani kwenikweni?

Tiyerekeze nyumba yogona alendo ya m'mphepete mwa nyanja, cha ku Chuanga. Mwini wake ali ndi rauta imodzi, kompyuta yolembera alendo ndi ndalama, makamera awiri, ndipo mawu achinsinsi a Wi-Fi alembedwa pa kapepala komata pakauntala. Wapempha mnyamata wodziwa makompyuta kuti amuonere, ndipo asainirana kalata.

Mnyamatayo amalumikiza kabokosi kake ku Wi-Fi monga mlendo aliyense, n'kuyendetsa Nmap, pulogalamu imene Gordon Lyon anatulutsa mu 1997. Pasanathe mphindi zochepa pafoni pamatuluka mndandanda wa zipangizo zonse zimene zili pa netiwekiyo. Mwini nyumba ankawerengera 6, mndandanda ukuonetsa 19. Zinazo ndi mafoni a alendo amene anachoka kale koma akukhala pafupi, a antchito, ndi a anzawo amene anapatsidwa mawu achinsinsi pa foni. Bandulo ikamatha msanga, chifukwa chake n'chimenechi.

Kenako amayang'ana makomo, amene akatswiri amati mapoti. Chipangizo chilichonse chili ndi makomo 65,535, ndipo Nmap ikangosiyidwa imayesa 1,000 ofala kwambiri. Khomo 23 likapezeka lotseguka pa kamera, ndiye kuti Telnet ikugwira ntchito, njira yakale imene imatumiza mawu achinsinsi osabisa, yomweyo imene Mirai inkalowera. Khomo 445 lotseguka pa kompyuta ya Windows yosakonzedwa kwa zaka limakumbutsa WannaCry, imene mu May 2017 inatseka makompyuta m'mayiko oposa 150. Akatsegula tsamba lolamulira rauta n'kupeza kuti admin ndi admin zikulowa, amalemba pamwamba penipeni pa lipoti, pakuti aliyense wolumikizidwa ku Wi-Fiyo akanatha kusintha chilichonse.

Chachikulu chimene wapeza n'chakuti mlendo aliyense akuiona kompyuta ya ndalama. Kukonza kwake sikulira ndalama. Marauta ambiri amalola kutsegula Wi-Fi yachiwiri ya alendo, yosiyana ndi ya ofesi. Ndi ntchito ya mphindi 10, ndipo mwina ndiyo yamtengo wapatali koposa pa tsiku lonselo.

Adaputala ija imagwira ntchito pomaliza. Imaonetsa ngati rauta ikugwiritsa ntchito WEP, njira imene inathyoka mu 2001, kapena WPA2 ya 2004, kapena WPA3 ya 2018. Imaonetsanso ngati WPS ili yoyatsa. Mu December 2011 wofufuza wina, Stefan Viehböck, anasonyeza kuti nambala ya manambala 8 ya WPS imayesedwa m'zigawo ziwiri, moti kuyesa kosapitirira 11,000 kumakwanira kuipeza. Mankhwala ake ndi kuizimitsa.

Kodi nambala ya foni si mawu achinsinsi abwino? Ndi yaitali ndithu.

Ndi yoipa, ndipo masamu ake ndi osavuta. Nambala za m'manja ku Mozambique zili ndi manambala 9. Za Tmcel zimayamba ndi 82 kapena 83, za Vodacom 84 kapena 85, za Movitel 86 kapena 87. Osadziwika ndi 7 otsalawo, kutanthauza nambala 10 miliyoni pa chiyambi chilichonse, 60 miliyoni zonse pamodzi. Kompyuta yokhala ndi khadi yabwino ya zithunzi imayesa mawu achinsinsi a WPA2 mazana a zikwi pa sekondi imodzi, moti imamaliza mndandanda wonsewo m'mphindi zowerengeka. Komanso nambala ya mwini nyumba kawirikawiri imakhala italembedwa pa chikwangwani panja.

Chabwino ndi mawu anayi kapena asanu osagwirizana, a Chinyanja kapena Chiyao, olumikizidwa pamodzi. Ndi osavuta kukumbukira, ndi aatali, ndipo sapezeka m'mindandanda ya mawu achinsinsi obedwa imene mbava zimayambira kuyesa, imene yambiri ndi ya Chingelezi.

Kodi kabokosika si chida cha mbava?

Kangakhale chomwecho, ndipo palibe chifukwa chobisira. Mu June 2019 ofufuza a NASA analengeza kuti mbava zinalowa mu netiweki ya Jet Propulsion Laboratory ku California kudzera pa Raspberry Pi imene inalumikizidwa popanda chilolezo. Zinakhala m'menemo miyezi pafupifupi 10 osadziwika ndipo zinatenga mafayilo okwana pafupifupi 500 MB. Ngati zinachitika kwa anthu oyendetsa makina pa Mars, ofesi ya kunyanja isadzinamize. Woyang'anira ofesi aliyense ayenera kudziwa chipangizo chilichonse cholumikizidwa ku rauta yake, ndipo kabokosi kachilendo kakapezeka kuseri kwa kabati, afunse mwini wake tsiku lomwelo.

Chimene chimasiyanitsa woyesa ndi mbava ndi chilolezo cholembedwa. Ku Mozambique, lamulo la milandu la 2019, Lei n.º 24/2019, lili ndi milandu ya makompyuta kuphatikizapo kulowa mosaloledwa, ndipo palinso lamulo la malonda ndi mauthenga a pa makina, Lei n.º 3/2017. Wowoloka kupita ku Likoma wagwera m'manja mwa lamulo la Malawi la 2016, Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene nalonso limalanga kulowa m'makina a eni popanda chilolezo. Kunena kuti ndimangophunzira sikupulumutsa munthu.

Kalatayo itchule netiweki yoyesedwa, masiku ndi maola, zololedwa ndi zoletsedwa, ndi nambala ya munthu woimbira zinthu zikavuta. Ndipo wosaina akhale mwini wake weniweni. Mu September 2019 antchito awiri a kampani ya Coalfire anamangidwa ku Adel, m'chigawo cha Iowa ku America, akuyesa chitetezo cha nyumba ya khoti usiku. Kalata anali nayo, yochokera ku akuluakulu a makhoti a chigawocho, koma nyumbayo inali ya boma laling'ono la Dallas County, limene silinauzidwe. Milandu inathetsedwa mu January 2020, atagona kale m'chitokosi. Ku Metangula kuli khonsolo ya tawuni, kuli ulamuliro wa boma la Lago, kulinso malo a asilikali a pamadzi. Aliyense ali ndi mphamvu pa zake zokha, ndipo pafupi ndi malo a asilikali adaputala ya mlongoti isatulutsidwe n'komwe m'chikwama.

N'chiyani chimene kabokosika sikangathe?

Sikangaletse uthenga uja wa pafoni wonena kuti ndalama zija tumizani pa nambala iyi. Sikangaletse munthu woimba akudzitcha wa kampani ya mafoni n'kupempha PIN. Ndalama zambiri za anthu wamba zimapita motero, ndipo mankhwala ake ndi kuphunzitsana pamsika, kutchalitchi, kumzikiti ndi pa wayilesi. Ndiponso sikaganiza. Nmap imatulutsa mizere ya manambala, koma woti anene kuti ichi n'choopsa, ichi chingadikire, ndi munthu amene wawerenga.

Wachinyamata wa ku Lago wofuna kuphunzira ayambire pati?

Ayambire pa rauta yake kapena pa Wi-Fi ya foni yake, kunyumba. Aphunzire kaye malamulo a Linux ndi mmene maadiresi a IP amayendera asanakhudze zida zolemera, pakuti wothamangira chida ngati Metasploit osadziwa zimenezi amangodina zinthu zimene sangazifotokoze. Wireshark, imene Gerald Combs anaiyamba mu 1998, imamuonetsa ndi maso mauthenga akuyenda pakati pa foni ndi rauta. Metasploitable ndi DVWA ndi makina ophunzirira opangidwa dala ndi mabowo, ndipo akangokopedwa amagwira ntchito popanda intaneti, zimene zimapulumutsa bandulo. Eni ake a Nmap anaika adiresi ya scanme.nmap.org kuti ophunzira aziyeserapo mosapyola muyezo. Wodziwa Chipwitikizi ali ndi mwayi wina, chifukwa maphunziro ambiri aulere a Kali ndi Linux amachokera ku Brazil.

Luso limene limapezetsa ntchito, komabe, ndi kulemba lipoti limene mkulu wa sukulu kapena mwini sitolo angamve: chimene chapezeka, kuopsa kwake, ndi chochita, pa tsamba limodzi, zoopsa kwambiri pamwamba. Zimene waona pa netiweki ya eni zikhale pakati pa iye ndi mwini wake, ndipo mafayilo a ntchitoyo afufutidwe pa khadi lipoti likaperekedwa.

Eni mabizinesi ndi oyang'anira maofesi a ku Metangula asadikire kuti kabokosika kafike. Sabata ino atembenuze rauta, awerenge kapepala ka pansi pake, asinthe mawu achinsinsi a ku fakitale, azimitse WPS, ndipo alendo awatsegulire Wi-Fi yawoyawo.